Amayi Alowa Nyumba ya Eni

Bambo anga, Eleuterio Barría,
anakoka nthambo za magetsi zaka makumi anayi padoko la Valparaíso.
Zala zawo n'zokhakhala ngati chingwe chomangira sitima,
chapakati chili ndi chipsera pomwe moto unasaina
chaka chimene ine ndinabadwa.
Kwa iwo chinthu chimayenda pokhapokha chili ndi njira yake:
madzi m'paipi, moto mu waya,
munthu pa masitepe okwera phiri lathu.

Ndiye Lamulungu lija nditanena kuti
kanema wa m'foni ndimuponya pa tivi popanda waya,
anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso.
"Adzera pati?"
Ndinaloza m'malere.
Anayang'ana pomwe ndalozapo. Panali ntchentche yokha.

Anapita kuseri kwa tivi ndi tochi
kukafufuza pomwe ndabisa bodza langa.
Ine pansi, chogwada, ndikulimbana ndi mawu achinsinsi a waifai
olembedwa kunsi kwa kabokosi kophethira,
tizilembo tonga nyerere zakufa:
kodi uyu ndi ziro kapena O?
Katatu kundikana. Kachinayi n'kundilola.

Foni inayamba kununkhiza mpweya ngati galu wa pamsika wa nsomba.
Kenako mayina mbwee:
Pabalaza. Pabalaza 2. Tivi ya Nacho.
Lina manambala okhaokha.
Sindinkadziwa kuti makoma athu ndi opyapyala chonchi,
kuti nsanjika zonse zinayi
zimapumira m'kamwa mumodzi.
Ndinadina loyamba.

Kamzere kanazungulira, kuzungulira, n'kuima.
Foni ikuti zatheka.
Tivi yathu ili bii, ikungotibwezera nkhope zathu:
ine, bambo, ndi mpando uja sitikhalapo.
Bambo anazimitsa tochi. Sananene kuti ndinakuuza,
anangotsokomola chifuwa chonena zomwezo.

Pamenepo kudenga kunamveka kuseka.
Kuseka kumene tikukudziwa, kothera m'mphuno,
kumene tinakuika m'manda m'nyengo yozizira chaka chatha.
Bambo anagwira tebulo.

Masilipasi pa masitepe, phwa, phwa, phwa,
chitseko go go go.
Mayi Fresia a pamwamba, tsitsi theka lopesa, rimoti kumanja:
"Eleuterio, akazi anu ali kwanga.
Panabwera funso pagalasi, ine n'kungovomera
kuti sewero langa lipitirire.
Akuyanika zovala. Mphepo ikuwalanda shati yanu."

Ndinati pepani, ndaphonya, ndikonza pompano,
chala chili kale pa batani.
Bambo anandigwira mkono.
"Usawasunthe."

Tinakwera. Iwo amene bondo limawadandaulitsa m'mawa uliwonse
anafika pamwamba osagwira chitsulo.
Amayi anali atadzaza khoma la eni ake,
akulu kuposa mmene analili,
mapegi m'thumba la epuloni, kumbuyo kwawo nkhungu
ndi makosi a makina onyamula katundu padoko,
akukalipira ine wojambula
kuti ndisiye zachibwana ndiwagwirire dengu,
kenako shati ija phuu kumaso kwawo, ndi kuseka kuja.

Masekondi makumi anayi ndi awiri basi.
Tinabwereza kasanu ndi kawiri.
Tiyi wa Mayi Fresia anachita khungu pamwamba,
ndipo palibe anafunsa kuti sewero lija latha bwanji.

Potsika bambo anaima pakati pa masitepe,
nayala chikhatho pakhoma
monga ankachitira pofuna kudziwa pomwe waya wadutsa.
Anamvetsera nthawi yaitali.
Kunja galu anauwa, sitima inalira kutali.

"Herminia sanali munthu wogogoda," anatero.
Tinatsika sitepe imodzi, ina.
"Mawa undiphunzitse kudina kwakeko.
Undilembere papepala dzina la tivi yathu, zilembo zikuluzikulu."
Atafika pakhomo, akusanthula makiyi m'thumba:
"Ulembenso la Fresia.
Nayenso amakhala yekha."