Chenji pa Zobwe

Kusukulu anatiphunzitsa Chipwitikizi.
Chingerezi chinabwera chokha, pa thiraki,
chili m'kamwa mwa dalaivala wochokera ku Harare.
Anagula ndowa ya mbatatesi ya ku Tsangano,
n'kutambasula dzanja: "Chenji."
Ine ndinamuikiramo mbatatesi ziwiri za basera.
Anaseka mpaka kutsamwa.
Mayi Felizarda a pabenchi yoyandikana anandikodola:
akufuna ndalama yake yotsala, mwana iwe.

Basi ndinati liwu ili ndaligwira mchira.
Chenji ndi zotsala,
timakobidi tofunda pamfundo ya chitenje.

M'mawa mwake anyamata a pachipata
anathamangira basi akukuwa liwu lomwelo,
mipukutu ya ndalama ili m'manja,
koma apa panalibe zotsala:
metikali alowe, kwacha atuluke,
chala chonyowa malovu chikuthamanga kuposa diso.
Abiliyo, mkulu wawo, amati
chenji ndi chenjera anayamwa bere limodzi.

Lamulungu lina kubwalo la mpira
kochi wathu, amene anakulira ku Mwanza,
anazunguza manja m'mwamba: chenji!
Mlongo wanga Inasiyo anatuluka akutsimphina,
anavula jezi, wina n'kuivala ikadali yonyowa.
Palibe anapatsidwa ngakhale khobidi.

Nthawi ya kampeni wailesi ya kutsidya
inalifufumitsa liwuli mpaka kufanana ndi phiri lathu.
Tinamvera nawo, poti mphepo sidinditsa pasipoti.
Fumbi la pamsika ndi lomwe lija.

Ndiye kunabwera Zakeyu.
Anayamba ndi malasha ku Moatize, kenaka Joni,
zaka zinayi, mafoni asanu ndi limodzi.
Anatsika ndi sutikesi ya matayala,
nsapato zosongoka, fungo losakhala lake.
Anandiyang'ana kuyambira kumpango
mpaka ku zidendene zong'aluka ndi chisanu cha Juni,
n'kunena motafuna lilime:
"Jasinta, wapanga chenji."

Sindinafunse kuti iti.
Yotsala, munthu atagula kale zimene ankafuna?
Ya pachipata, yodutsa m'manja ambiri?
Kapena ya kubwalo, tuluka wina alowe?
Foni yake inalira katatu usiku umenewo
ndipo katatu konse anakayankhira kuseri kwa bafa.

Anakhala masabata awiri.
Tsiku lonyamuka anasiya mazana asanu pansi pa mbale,
osanena kuti ndi a chiyani.

Lero chifunga chatsika mpaka pamsewu,
mathiraki ayima mzere kudikira chidindo.
Mzimayi wina wa magalasi wagula theka la ndowa,
ndikufufuza pamfundo, iye wakweza dzanja,
wanena zambiri, ine ndatolapo liwu langa lokha.
Mayi Felizarda, imvi tsopano, akuti:
wati usunge.

Ndasunga.
Ndamanga kawiri, ndi mano.