Mng'alu wa Kumanzere

Kuno ku Gdańsk, m'nyengo yachisanu,
dzuwa limaweruka msanga kuposa ife.
Pofika folo koloko nyali ndayatsa kale,
pulinta ikung'ung'udza pakona,
ikuvuula m'thamanda la utomoni
kanthu koonekera mkati ngati chikhadabo cha khanda,
gawo pamwamba pa gawo,
lililonse lopyapyala kuposa tsitsi.
Timachitcha chisungamano.
Mawaya akachoka m'kamwa, chimatsala cholondera usiku ndi chimenechi.

Ntchito yanga ya m'mawa ndi kuswa.
Ndimatenga khumi,
zimene zagona mwezi m'malovu opanga tokha,
ofunda ngati m'kamwa mwa munthu,
n'kuziika pansi pa dzino lachitsulo
kufikira zitati thyo!
Ndimalemba nambala.
Zina zimathyoka osatsanzika.
Zina zimayamba zapindika, kuyera pamsana,
kukana kaye pang'ono.
Zimene ndinafulumira kuzichotsa m'kabokosi ka kuwala
zimandiyalutsa tsiku lomwelo.

Bambo Zdzisław, amene anandiphunzitsa,
apinda waya ndi pulayala zaka makumi atatu
ndipo chala chawo chachikulu chili ndi ngalande yosafufutika.
Pulinta sayipatsa moni.
Amati chobadwa popanda thukuta
chingadziwe bwanji kupirira?
Ndimawaonetsa nambala zanga.
Amavula magalasi, kuwapukuta ndi juzi,
kubwerera ku waya wawo.

Lachiwiri kunabwera Borys,
wa zaka khumi ndi zisanu,
chipale chikusungunuka pachipewa,
chisungamano chake atachikulunga m'risiti ya buledi.
Mng'alu kumanzere, pa dzino lomalizira.
Miyezi isanu ndi iwiri yokha.
Nambala zanga zinkalonjeza zoposa apo.

Ndinafunsa za galu.
Ndinafunsa za thumba lakumbuyo, za madzi owira.
Mnyamata anangopukusa mutu.
Amene anayankha ndi amayi ake,
maso ali pawindo
kumene makireni apadoko aima makosi m'mwamba:
amakukuta mano kutulo,
chichokereni bambo ake ndi chombo cha ku Norway.
Ndimamumva kudzera m'khoma.

Dzino langa lachitsulo limaluma molunjika,
pa liwiro limene ndaliuza.
Silipera cham'mbali.
Silinagonepo foni ili pansi pa pilo,
kudikira kuti ilire.

Ndinati palibe vuto, m'kamwa mwako muli m'kompyuta,
mawa lomwe china chituluka.
Ndinanama osadziwa.
Anali atachibisa masabata atatu, kuopa ndalama,
ndipo mano saiwala kwawo.
Lakutsogolo lija, limene mawaya analikoka zaka ziwiri,
linali litayamba kale kucheukira
kumene linamerera.
Dokotala Wrzesińska anayendetsanso kamera yawo m'kamwa,
nsagwada yatsopano n'kutulukira pagalasi langa,
yotuwa, ikuzungulira pang'onopang'ono,
yosiyana ndi yakale mwa kadontho
koma yosiyana ndithu.

Madzulo ndinakhuthalitsa mbali yakumanzere
ndi muyeso wa tsitsi zitatu.
Sindinamve kuti Bambo Zdzisław aima kumbuyo kwanga
mpaka chala changalande chija chinagunda galasi,
kusiya mafuta pa dzino lachisonga.
Apanso, anatero.
Mwana wotere amayambira apa.
Anatenga chikhoti chawo, napita kukakwera thiramu.

Ndinawonjezera pamenepo.
Pulinta inagwira ntchito mumdima, ine nditapita,
ndipo m'mawa ndinachitsuka, kuchiumitsa,
kuchisiya m'kuwala nthawi yake yonse,
osachotsapo ngakhale mphindi.

Chothyoka chija sindinataye.
Chili m'dilowa, m'risiti yake yomweyo,
pafupi ndi buku la nambala.
Nthawi zina ndimachikweza kunyali.
Pambali pa mng'alu pali malo osalala,
operepeseka mpaka kuoneka ngati madzi,
pamene chinalandira usiku mazana awiri
kuti dzino lisalandire.
Ndatsegula buku kangapo, cholembera m'manja.
Mizere yonse ili ndi mitu yake kale:
kukhuthala, kupendekeka, mphindi za kuwala.
Ndinangolemba m'mphepete, ndi pensulo,
Borys, kumanzere, Januwale.