Kumva

Ku Luwinga, m'kalasi ya m'mawa,
a Mzumara analemba pa bolodi
kuti ubongo suwerenga wokha:
umabwereka miyendo, umabwereka khungu,
umafunsa phewa tanthauzo la kulemera.
Tinakopera. Ena anayasamula.
Ine ndinadula mzere pansi pa phewa
poti ankati zibwera pa mayeso.

Madzulo chifunga chinatsika msanga.
Ndinakwera kabaza wa Yotamu Ziba,
m'chikwama muli mabuku atatu a akatswiri
omasulira ndime ya goli ndi anthu othodwa.
Pa chitunda cha ku Zolozolo tinatsika, iye n'kumakankha,
malaya atamata pamsana, kunja kukuzizira chonchija.
"Mwanyamula njerwa kodi?"
Ndinati ayi, ndi mabuku onena za mpumulo.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Mpumulo ndimaudziwa ine. Uli pamwamba apo,
pomwe tcheni chimaleka kulira,
mapazi n'kungokhala pa mapedulo, osapalasa."

Mabuku atatu aja
palibe linanena zimenezo.

Loweruka, pa khonde la sitolo ku Katoto,
ndinawerengera a Msowoya, mlonda,
za wophunzira uja anakana mbuye wake
akuwotha moto wa makala pabwalo la eni.
Ndinali nditakonza kale mawu: mantha, kufooka kwa chikhulupiriro.
Iwo anatembenuza zikhatho pa mbaula.
"Munachezerapo panja mwezi wa Juni?
Zala zikauma, pakamwa pamanena chilichonse,
bola asakuchotse pamoto.
Tambala ndimamumva tsiku ndi tsiku, mwanawe.
Amalira nthawi imene mawondo sakhalanso ako."

Ndinabwerera wapansi,
mphuno zikuwawa ndi mphepo ya ku Kaning'ina,
ndikutafuna liwu limodzi la kwathu.
Timamva belu.
Timamva fungo la paini wonyowa, timamva njala,
timamva minga, timamva mchere m'ndiwo,
ndipo mphunzitsi akafunsa kuti mwamva,
ndi liwu lomwelo.
Lilime lathu linadziwa kale
zomwe ine ndikulipirira fizi.

Mayeso ali Lachiwiri.
Usiku uno magetsi azima, kandulo yatsala chala chimodzi.
Ndatsegula pa ndime ya munthu wofuula ali pansi pa dzenje,
ndatsika pampando,
ndagwada pa simenti yopanda mkeka.
Kuzizira kwalowa m'mawondo,
kwakwera,
kwafika pamene ndime ija inkandidikira.