Dzungu la Odete

Ndimalondera sitolo ya feteleza ku Ulongwe
kuchokera madzulo mpaka tambala wachiwiri.
Mfuti ndilibe.
Ndili ndi wenzulo, chibonga,
ndi kangowe kamene ndinasula pa sipoko ya njinga.
Kuluka anandiphunzitsa malemu Nangozo
chaka chomwe ndinathyoka mwendo,
ati manja a munthu wogona asamangodzikanda.
Lero ndi kumene kumandipirikitsira tulo.

Odete anaimba kuchokera ku Tete.
"Papa, mundilukire dzungu."
Ndinati dzungu? Padenga pali khumi ndi awiri,
ndikweze thumba pa shapa ya mawa?
Anaseka. "Ayi, la ulusi. Loika patebulo.
Anzanga akuntchito onse ali nalo."
Chithunzi chinafika pafoni:
kanthu kobulungira ngati mpira wa m'sitolo,
mizere yake ngati anayeza ndi rula,
dzungu loti silinagonepo pansi.

Ndinagula juzi ya kaunjika, mametikali makumi asanu,
mtundu wake wa papaya wakupsa.
Usiku woyamba ndinangomasula,
ulusi uli piringupiringu, ukukumbukabe mwini wake.
Usiku wachiwiri mphepo ya Meyi inatsika ku Domwe,
zala gwa,
ndinaziwotha pa mbaula n'kuyamba:
kola, koka, tulutsa,
kola, koka, tulutsa.
Dalaivala wa lole ya mbatatesi anaima kupempha moto.
"Madala, n'chipewa cha mdzukulu?"
Ndinati dzungu.
Anayatsa fodya wake, n'kupita akupukusa mutu.

Chithunzi ndinachitsatira ndithu, Mulungu mboni.
Koma manja anakana.
Manja awa athyola maungu zaka makumi anayi,
amadziwa kuti dzungu lili ndi mbali imene linagonera,
yophwatalala, yotuwa, yosaonapo dzuwa;
kuti penapake pamakhala chipsera
pomwe khasu linaphonya udzu pa kupalira;
kuti phesi lake siliwongoka,
limapindikira komwe kunali mayi wake.

Ulusi wotuwa ndinaupeza m'chitini cha Nangozo,
pa sokosi imene anaisiya pa chidendene.
Zaka zitatu sindinaikhudze.
Usiku umenewo ndinaimasula pang'onopang'ono,
galu wa pa bomba akundiyang'ana.

M'kati ndinaphatikiza thonje la pilo wakale.
Ndisanatseke pamwamba
ndinaponyamo bokosi la machesi,
m'menemo nthanga zisanu ndi ziwiri
za mbewu imene iye anabwera nayo kuchokera kwawo ku Tsangano
atamanga pansonga ya chitenje.

Kondakitala wa shapa analiika pa miyendo,
ati katundu wopepuka chonchi salipiritsa.
Linatsika mapiri, linadutsa fumbi la malasha la ku Moatize,
linaoloka Zambezi,
dzungu loyamba la kwathu kuyenda ulendo wotere
popanda womufunsa mtengo.

Lachisanu foni inalira.
"Papa, lapendekeka. Patebulo likungogubuduka."
Ndinati ligoneke pa mbali yotuwayo,
ndi pomwe linazolowera.
Zii.
Ndinamva feni ikuzungulira m'nyumba mwake,
kutentha kwa Tete kukulowa mpaka m'khutu langa.
"Lakhala," anatero.
Kenako, ndi mawu ena, aang'ono:
"Ulusi uwu ndikuudziwa."

Sindinayankhe. Ndinakankha khala ndi chibonga.

"Dinisi akuligwedeza, akuti m'kati mukulira kanthu."
Ndinati musiye aligwedeze.
Mvula ikadzagunda mu Disembala
udzatumbule pamchombo ndi lezala,
ndidzabwera kudzasoka.
"Papa, kuno ndi simenti yokhayokha."
Ndinati kuseri kwa mpopi wanu ndinaonako dothi,
lokwana chipewa.
Dzungu silifuna munda wonse,
limangofuna poyambira.

Tsopano ndi folo koloko m'mawa.
Ulusi wa papaya watsala mpira umodzi,
wotuwa watsala wokwana chala.
Uwo ndaukulunga, ndaubwezera m'chitini.