Kachitsulo ka Mkungudza

Mayi Gwatidzo andituma ndikhome kachitsulo
patsinde pa mkungudza wa kuseri kwa nyumba yawo ku Avondale.
Dzina lachilatini, lalitali ngati njanji ya ku Beira,
kenako banja lake, kwawo kuphiri la Mulanje,
ndi mawu ofiira: watsala pang'ono kutha.

Chaka chachisanu ndi chiwiri ndikuuthirira,
ukundilekezabe m'chiuno.
Umafuna nkhungu, Harare akuupatsa fumbi la Okutobala.
Maluwa suwadziwa.

Pumbwa watera pansonga, kanthambi kawerama.
Iyeyu alibe kachitsulo.
Buku la mayi lamuponya m'gulu la mbalame zoimba
n'kuthana naye mzere umodzi: sadetsa nkhawa.
M'mawa aboola papaya ku Borrowdale,
masana amwa papaipi yophulika ku Mbare,
womufunsa chitupa palibe.

Ine Dyson Makwinja, mchombo unagwera ku Mufakose,
koma chitupa changa chinkati mlendo.
Phiri la bambo sindinaliponde.
Ndimangolinunkhiza
ndikafikisa katsamba aka pakati pa zala.

Msomali pakamwa, hamala m'manja.
Pumbwa wasiya chitosi pa mawu ofiira aja
n'kudumpha mpanda, ulendo kwa aneba.

Ndipukuta mawa.