Kabokosi ka Dinis

Ku Matosinhos, kuseri kwa msika wa nsomba,
Dinis makaniko anandionetsa kabokosi kakuda,
kochepa ngati ka machesi,
timawaya tisanu tili lendelende kumchira kwake.
"Bambo Varela," anatero akupukuta girisi m'zala,
"mukadina kiyi katatu muli chapatali,
magalasi onse anayi atsika okha.
Mukadina osasiya, akwera.
Mayuro mazana awiri, kuika komwe."

Ndinati ndikagonere kaye.

Galimotoyi denga lake n'lachinsalu,
limapindikira kumbuyo ngati ambulera yotopa.
Anaisankha ndi Graciete, yobiriwira ngati botolo la vinyo,
ati tsitsi lake limvepo mphepo lisanathe imvi.
Mu Ogasiti mipando yachikopa imasanduka chiwaya.
Iye ankaima pamthunzi wa sitolo ya mankhwala,
dzanja pachipewa,
ine n'kulowa m'ng'anjomo ndekha,
kupotokola kiyi, kupanikiza mabatani ndi zala ziwiri,
ntchafu zikupsa,
iye akuwerenga mokweza, wani, thu, fili,
mpaka khumi ndi zinayi,
kenaka n'kubwera ngati mfumukazi yoitanidwa.
Chaka chino n'chachitatu pamthunzipo palibe munthu.

Mwana wanga Benedita anati pafoni,
"Ababa, zala muli nazo khumi,
mukufuna kugula chakhumi n'chimodzi?"
Hélder wa chipinda chapansi anati tizinthu totere
timayamwa batire usiku ngati nsikidzi.
Ndinawamvera onse bwinobwino,
Lachinayi n'kukalipira.

Sabata yoyamba, ha!
Ndili pakhonde la lesitilanti, khofi m'dzanja,
ndadina, ndadina, ndadina,
tsidya la msewu magalasi aja tsikuu, onse pamodzi,
ngati akundigwadira.
Kamnyamata kena kanagwetsa ayisikilimu.
Kutentha kunatuluka ine ndisanafike,
ndinakhala pampando ngati munthu, osadumpha.
Ndinati m'mtima, Benedita sadziwa kanthu.

Ndiye kunabwera Novembala.
Kiyi m'thumba la buluku,
ine pasofa, mpira uli pawailesi yakanema,
tulo tandiba Leixões isanagoletse.
Potembenuka, chiuno changa chinadina katatu.
Pansi mumsewu galimoto inamva, n'kumvera.
Mvula yochokera kunyanja yamchere sigogoda,
ndipo ikakuona litsiro sikata.
Inalowa, inakhala pampando wanga, inakhala pa wa Graciete,
usiku wonse.

M'mawa zonse zili thapsa.
Madzi m'mphasa zapansi ofika m'kakolo,
tsamba la mtengo likuyandama pafupi ndi mabuleki.
Mapu ake aja a m'thumba la chitseko,
amene ankalembamo ndi bolopeni yofiira
midzi ya ku Douro imene tinafika
ndi itatu imene tinati tidzapita,
anafufuma ngati buledi wogwera mu supu.
Kufiira kunayenderera, mudzi kulowa m'mudzi unzake,
osadziwikanso tinafika pati, tinatsala pati.

Dinis sanaseke, ndimuyamikire pamenepo.
Anangoti, "Kabokosi kalibe mlandu, bambo.
Kanachita zimene munakauza."
N'kundigulitsa kachikwama kolimba kosungiramo kiyi,
mayuro ena khumi ndi asanu.

Tsono mukandifunsa ngati n'koyenera ndalama zake,
ndikufunsani mwezi.
Mu Ogasiti ndilumbira kuti inde.
Mu Novembala lowani mununkhize nokha,
fungo la chinyezi silinachoke mpaka Isitala.
Hélder za batire ananama, zimenezo ndinene.
Benedita sindinamuuze za mapu.

Kabokosi kakadalimo, kuseri kwa chiwongolero,
kakudikira mawu anga ngati galu wosagona.
Kiyi amagona pamsomali, kutali ndi chiuno changa.
Masiku ambiri ndimadina ndili patali, osaganiza n'komwe.
Koma pena, dzuwa likakhala paliwombo,
galimoto ili pafupi ndi sitolo ya mankhwala ija,
ndimasiya kiyi m'kachikwama kake,
ndiyende mpaka pachitseko,
ndilowe m'ng'anjomo,
zala ziwiri pamabatani, ntchafu zikupsa,
n'kumawerenga ndekha chapansipansi.
Magalasiwa akalamba nawo.
Masiku ano amafika khumi ndi zisanu ndi ziwiri.