Kalembera wa m'matumbo

Usiku wachitatu mvula sinakate mu Dhaka.
Mabedi oboola pakati afika mpaka pakhonde,
pansi pa lililonse pali ndowa,
ndipo ya Moinul, wopalasa rikisho wa ku Mirpur,
yadzazanso madzi otuwa ngati otsukira mpunga.

Ine ndili kuseri, m'chipinda choyezera,
diso pa galasi, kuyang'ana kachilombo ka kolera
kopindika ngati chikhadabo chowengedwa.

M'dziwe kanali kaulemu, kameneka.
Kanangomata pa chigoba cha kankhanu,
majini ake a ululu atapindidwa
ngati kalata yosatsegula.
Kupha ndi ntchito yodula,
sikangataye poizoni pamadzi popanda munthu.

Koma Moinul anamwa, ludzu la masana litamugwira pakhosi.
Kanapyola asidi wa m'mimba, anzake ambiri atatsala momwemo,
kanamva kufunda, kanalawa ndulu,
n'kuti: muno muli munthu.
Puloteni ya pakhungu pake inanong'oneza ina,
inayo n'kudzutsa ina mkati,
kalata ija n'kumatulidwa.
Kanamera tizala togwirira matumbo,
kanayamba kulavula.

Chondisowetsa tulo si chimenecho ayi.
Tizilomboti timawerengana.
Kalikonse kamatulutsa kafungo kake,
kafungoko kakachuluka, ndiye kuti nyumba yadzaza:
basi tokha timazimitsa ululu,
kumasula zala, kutsetsereka ndi chigumula chomwe tautsa,
ulendo wokasaka dziwe lina, pakamwa pena.
Poleka timapadziwa.
Mulibe chisoni m'menemo, ndi masamu chabe.

Mkazi wake, Jahanara, anandiimitsa pakhomo,
nsonga ya sari ataluma kumano,
n'kufunsa ngati mwamuna wake analakwira munthu.
Ndikanati chiyani?
Kuti mlandu wake ndi thupi lofunda,
kuti ndulu yake ndiyo inamuulula?
Ndinangoti: akadzuka muzimumwetsa, mayi,
kapu iliyonse yotuluka ibwezedwe,
shuga, kamchere pang'ono, osatopa.

M'bandakucha diripi yachisanu ndi chimodzi inatha.
Maso a Moinul anabwerako kumene analowa.
Mawu oyamba anafunsa za rikisho yake,
ngati alipo anakumbuka kuimanga tcheni.

Ndowa ija taithira kolorini.
Ndavula magolovesi, ndasamba mpaka m'zigongono.
Panja ngalande zikusefukirabe,
ana akudumpha zithaphwi popita kusukulu,
ndipo m'madzimo kena kapindanso kalata yake bwinobwino,
kangoti phee.